Nyumba zogona ophunzira zolankhulamo Chifalansa: mbiri yake ndi mmene inatikhudzira ife a ku Mozambique



Pali funso limene limabwera pafupifupi pa msonkhano uliwonse wa makolo. Limafunsidwa mosiyanasiyana koma mutu wake ndi umodzi: ngati tikufuna kuti mwana adziwe Chipwitikizi msanga, bwanji osangomuletsa Chiyao, Chimakuwa kapena Chinyanja akakhala pasukulu? Ena amene anayendako amawonjezera kuti kumayiko a azungu kuli nyumba zogona ophunzira a ku yunivesite momwe munthu akalowa amasiya chilankhulo chake pakhomo n'kumalankhula Chifalansa chokhachokha, ndipo pakatha chaka amatuluka akuchithyola ngati anabadwira ku Paris.

Nyumba zimenezi zilikodi. Mbiri yake ndi ya zaka zoposa 100, ndipo inakhudzanso anthu a dziko lathu lino, ena mwa iwo amene anadzatitsogolera titalandira ufulu. Lero ndati ndiifotokoze, chifukwa yankho la funso la makolo lija lili m'kati mwake.

Ku America: kubweretsa France pakhomo

Mu 1917 dziko la United States linalowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo linaima mbali ya France. Nthawi imeneyo isanafike, ana ambiri a sekondale ku America ankasankha Chijeremani kuposa Chifalansa. Koma Germany atasanduka mdani, masukulu ambiri anachotsa Chijeremani pa ndandanda ya maphunziro, ndipo anthu anathamangira ku Chifalansa. Panali vuto limodzi: ku France kwenikweniko kunali kukulira mfuti, kotero wophunzira wamba sakanatha kupitako kukachimva chilankhulocho kwa eni ake.

Aphunzitsi a pa yunivesite ya Wisconsin, mumzinda wa Madison, anaganiza zomanga ka France kakang'ono pakhomo pawo. Mu 1918 Hugh Smith ndi mayi Jeanne Greenleaf, omwe ankaphunzitsa Chifalansa, anatsegula nyumba yogona ophunzira n'kuitcha La Maison Française, kutanthauza nyumba ya Chifalansa. Imadziwika kuti ndi yoyamba ya mtundu umenewu m'mayunivesite a ku America, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero m'mphepete mwa nyanja ya Mendota. Poyamba munkagona atsikana okhaokha. Anyamata anayamba kulandiridwa pambuyo pake.

Moyo wa m'nyumbamo ndi wosavuta kuufotokoza. Mumagona ophunzira pafupifupi 30. M'mawa aliyense amapita ku makalasi ake, wina za malamulo, wina za mankhwala, wina za mbiri, ndipo kumeneko zonse zimachitika m'Chingerezi. Akabwerera, pabalaza ndi m'chipinda chodyera mumalankhulidwa Chifalansa. Pakati pawo amaikapo dala achinyamata ochokera ku France ndi mayiko ena olankhula Chifalansa, kuti khutu lizimva kalankhulidwe ka eni ake tsiku ndi tsiku. Mtima wa nyumbayo ndi tebulo la chakudya. Amadyera pamodzi, ndipo masiku ena pa sabata anthu a mumzinda amaloledwa kubwera kudzagula mbale n'kukhala nawo, bola alankhule Chifalansa.

Ife aphunzitsi tikudziwa chifukwa chake njira imeneyi imagwira. M'kalasi wophunzira amakumana ndi chilankhulo maola atatu kapena anayi pa sabata, ndipo ziganizo zake n'zochita kukonzeratu. M'nyumba chilankhulo chimakupeza uli ndi njala, wataya kiyi, sopo wakuthera, kapena mnzako wa chipinda china akusokosa usiku iwe uli ndi mayeso mawa. Pamenepo mawu umawafuna ndi mtima wonse, ndipo mawu amene wawafuna chotero saiwalika. Umaphunziranso zimene buku silingakupatse: nthabwala, kupepesa, kukana mwaulemu, kudula mnzako pakamwa osamukwiyitsa.

Ku koleji ya Middlebury, m'chigawo cha Vermont, anaiumitsa kwambiri njirayi. Kumeneko sukulu ya zilankhulo ya pa tchuthi chachikulu inayamba ndi Chijeremani mu 1915, Chifalansa chinatsatira mu 1916, ndipo mu 1925 anamanga nyumba yotchedwa Le Château motengera mamangidwe a nyumba za mafumu a ku France. Wolowa sukulu imeneyi amasaina lonjezo loti kwa masabata onse a maphunzirowo adzagwiritsa ntchito chilankhulo chimene wabwerera chokha. Akaliphwanya mobwerezabwereza amauzidwa kuti alongedze katundu.

Apa ndi pamene makolo aja amati: mwaona, kuletsa kumathandiza. Koma tiyeni timuone bwino munthu amene akulowa pakhomo limenelo. Ndi wamkulu, wa zaka 18 kapena kuposa. Anaphunzira kale kuwerenga, kulemba ndi masamu m'chilankhulo cha mayi ake kwa zaka 12. Anachita kupempha malowo yekha, ndipo amalipira. Akatuluka panja, msewu wonse, wailesi, banki ndi boma zikulankhula Chingerezi chake chija, ndipo palibe amene anamuuzapo kuti ndi chilankhulo cha anthu otsalira. Zimenezi muzisunge, tizifunanso kutsogoloku.

Ku Paris: mudzi wa ophunzira a mitundu yonse

Ku France kwenikweniko nkhani inayenda njira ina. Nkhondo ija itatha mu 1918, dzikolo linali litataya asilikali oposa miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo achinyamata. André Honnorat, amene anakhala nduna ya maphunziro mu 1920, anali ndi ganizo lakuti ophunzira a mayiko osiyanasiyana akamagona ndi kudya pamalo amodzi, mawa akadzakhala atsogoleri adzavutika kuponyerana mabomba. Anapeza malo kummwera kwa Paris, pamene kale panali malinga otchinjiriza mzinda, ndipo mpondamatiki wina, Émile Deutsch de la Meurthe, anapereka ndalama zomangira nyumba zoyamba. Zinatsegulidwa mu 1925, ndipo mudziwo umatchedwa Cité internationale universitaire de Paris.

Mayiko anayamba kumangamo nyumba zawo: Canada, Belgium, Argentina, Japan, United States, kenako Morocco, Tunisia, Brazil, India ndi ena. Nyumba ya Portugal inatsegulidwa mu 1967 ndi ndalama za bungwe la Calouste Gulbenkian. Lero muli nyumba zoposa 40, ndipo chaka chilichonse mumagona ophunzira ndi ofufuza pafupifupi 12,000 ochokera m'mayiko oposa 100.

Mudziwu uli ndi lamulo losakaniza anthu. Nyumba iliyonse imapereka gawo la zipinda zake kwa ophunzira a mayiko ena, ndipo ana ake ena amakagona m'nyumba za anzawo. Choncho m'nyumba ya Japan mukhoza kupeza mwana wa ku Tokyo, wa ku Senegal ndi wa ku Mexico akuphikira pa chitofu chimodzi. Palibe chikwangwani choletsa Chijapani kapena Chiwolofu. Chifalansa chimabwera chokha, chifukwa ndicho mlatho umene onse atatu angawolokerepo.

Mmodzi mwa amene anagona m'mudzi umenewu m'zaka za m'ma 1930 anali Léopold Sédar Senghor wa ku Senegal, amene anafika ku Paris mu 1928. Iye ndi anzake ochokera m'mayiko olamulidwa ndi France anali atadutsa kale m'nyumba za Chifalansa za mtundu wina, zimene sanasankhe okha: masukulu a atsamunda, ambiri ogonera komweko. M'masukulu ambiri otere munali chinthu chotchedwa symbole. Kankakhala kanthu konyozeka, fupa, kachitini kapena kathabwa komangirira chingwe. Mwana akamveka akulankhula chilankhulo cha kwawo ankavekedwa kanthuko m'khosi, ndipo njira yokhayo yokachotsera inali kutchera khutu mpaka atagwira mnzake akuchita chimodzimodzi. Amene dzuwa lamulowera ali nako ndiye ankalangidwa. Njirayi sinayambire mu Africa. Aphunzitsi a ku France ankaigwiritsa ntchito pa ana a kwawo komweko olankhula Chibretoni, m'chigawo cha Bretagne, kumene kawirikawiri ankawaveka nsapato yosema. Taganizani zimene kanthu kameneka kankachita pabwalo la sukulu. Ana ankasanduka akazitape a anzawo, ndipo chilankhulo cha mayi chinkasanduka mlandu.

M'zipinda za ku Paris ndi mmene ana amenewa, atakula, anayamba kufunsana kuti anataya chiyani panjira. Senghor, Aimé Césaire wa ku Martinique ndi Léon Damas wa ku Guyane anakumana monga ophunzira. Mu 1935 gulu lawo linatulutsa kanyuzipepala ka L'Étudiant noir, ndipo m'zokambirana zawo munabadwa ganizo lotchedwa Négritude, loti munthu wakuda anyadire mbiri ndi chikhalidwe chake. Mu 1950 ophunzira a mu Africa okhala ku France anakhazikitsa chitaganya chawo, FEANF. Chaka chotsatira boma linatsegula mu Cité muja nyumba ya ophunzira ochokera m'mayiko amene linkalamulira, Maison de la France d'Outre-Mer, imene lero ikutchedwa Résidence Lucien Paye. Boma linkayembekeza kuti likulera antchito okhulupirika. M'zipindamo ophunzira ankakambirana za ufulu wodzilamulira.

Kwa ife aphunzitsi, munthu wofunika kumukumbukira pa m'badwo umenewu ndi Cheikh Anta Diop, nayenso wa ku Senegal, amene anafika ku Paris mu 1946. Masiku amenewo kunkamveka kuti zilankhulo za mu Africa sizingathe kunyamula sayansi. M'buku lake la mu 1954, Nations nègres et culture, iye anamasulira m'Chiwolofu mfundo za masamu ndi za sayansi, kuphatikizapo chidule cha mfundo zovuta zija za Einstein. Ankachidziwa Chifalansa mpaka kulemba nacho mabuku akuluakulu, ndipo anachigwiritsa ntchito poteteza chilankhulo cha kwawo. Yunivesite ya Dakar lero ili ndi dzina lake. Senghor naye, amene anadzalowa mu Académie française, bungwe loyang'anira Chifalansa, boma lake ndi limene mu 1971 linakhazikitsa kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi chimodzi za ku Senegal, ngakhale kuti m'kalasi Chifalansa chinapitiriza kulamulira.

Ana a ku Mozambique: Lisboa, Sèvres ndi Poitiers

Tsopano tifike kwa anthu athu. Boma la Salazar nalonso linali ndi nyumba ya ophunzira ochokera m'mayiko amene linkalamulira, Casa dos Estudantes do Império, imene inatsegulidwa ku Lisboa mu 1944. Munali kantini, laibulale ndi malo ogona. Cholinga chinali choti ana a ku Angola, Mozambique, Cabo Verde, Guiné ndi São Tomé adzimve kuti ndi Apwitikizi. Koma zinatha monga zinathera ku Paris. Amílcar Cabral, Agostinho Neto, Mário Pinto de Andrade ndi Marcelino dos Santos anadziwana kumeneko, Eduardo Mondlane naye anafika ku Lisboa mu 1950 n'kukhala nawo kanthawi, ndipo nyumbayo ndi imene inasindikiza buku la ndakatulo la José Craveirinha lotchedwa Chigubo mu 1964. Apolisi a PIDE anaitseka mu 1965.

Marcelino dos Santos anabadwa mu 1929 ku Lumbo, kumene njanji yodutsa pa Cuamba inayambira kumangidwa. Mu 1951 anachoka ku Lisboa n'kupita ku France, poyamba ku Grenoble kenako ku Paris. Mário Pinto de Andrade naye anafika ku Paris mu 1954 n'kukagwira ntchito ku magazini ya Présence Africaine, imene Alioune Diop anayambitsa mu 1947. Mu Sepitembala 1956 onse awiri anali nawo pa msonkhano woyamba wa olemba mabuku ndi aluso akuda ku Sorbonne. Mabuku amene ku Lisboa ankawerengedwa mobisa, ku Paris ankagulitsidwa poyera, koma wofuna kuwawerenga anayenera kudziwa Chifalansa.

Chaka cha 1961 ndi chimene chinasintha zinthu. Mu Febuluwale ndi Malichi nkhondo inabuka ku Angola, ndipo ophunzira a mu Africa okhala ku Portugal anapezeka pakati pa moto: PIDE inkawazonda, ndipo anyamata akanatha kutengedwa usilikali kukamenyana ndi abale awo. Bungwe la mipingo ya Chipulotesitanti la ku France lotchedwa Cimade, limene pa nkhondo yachiwiri linkathawitsa Ayuda, linakonza njira. Mu Juni 1961 ophunzira pafupifupi 60 anatuluka mu Portugal mobisa m'magulu awiri. Anawoloka mtsinje wa Minho, nadutsa Spain wa Franco pa magalimoto, ndipo gulu lachiwiri linagwidwa n'kutsekeredwa ku San Sebastián lisanamasulidwe. Mwa othawawo munali Joaquim Chissano ndi Pascoal Mocumbi, onse awiri ophunzira za udokotala, komanso Pedro Pires, amene anadzakhala pulezidenti wa Cabo Verde.

Atafika ku France anawalandirira m'nyumba yogona ophunzira ya Cimade ku Sèvres, pafupi ndi Paris. Chifalansa sichinali chachilendo kotheratu kwa iwo, chifukwa liceu ya Chipwitikizi inkachiphunzitsa. Koma chimenecho chinali Chifalansa cha m'buku ndi cha mayeso. Ku Sèvres chinasanduka chogulira buledi, chofunsira sitima, cholembera makalata opempha malo ku yunivesite ndi chodzifotokozera kwa akuluakulu a boma pomwe pasipoti ulibe. Ambiri a ku Angola sanakhalitse, anapitirira ku Ghana. Chissano ndi Mocumbi anapita ku yunivesite ya Poitiers, ndipo ali ku France komweko anathandiza kukhazikitsa bungwe la ophunzira a ku Mozambique, UNEMO. Mu 1962 FRELIMO inabadwa ku Dar es Salaam, ndipo onse awiri analowamo.

Kodi Chifalansacho chinawapindulira chiyani? Mayiko ambiri amene anali okonzeka kuthandiza ankayendetsa zokambirana zawo m'Chifalansa: Guinea wa Sékou Touré amene analandira ufulu mu 1958, Morocco, Tunisia, Senegal, Mali, ndi Algeria kuyambira 1962. Mu Epulo 1961 magulu omenyera ufulu m'mayiko olamulidwa ndi Portugal anakumana ku Casablanca n'kupanga mgwirizano wa CONCP, ndipo mlembi wake wamkulu anali Marcelino dos Santos. Mu 1963 asilikali oyamba a FRELIMO, kuphatikizapo Samora Machel, anakaphunzira ku Algeria. Chissano anadzakhala nduna ya zakunja kuyambira 1975 mpaka 1986, kenako pulezidenti. Mocumbi anamaliza udokotala wake ku Lausanne, mzinda wolankhula Chifalansa ku Switzerland, ndipo anali nduna yaikulu kuyambira 1994 mpaka 2004.

Onani kuti anthu amenewa anachitenga Chifalansa ali akuluakulu, monga chida chowonjezera pa zimene anali nazo kale. Chissano, wobadwira ku Malehice m'chigawo cha Gaza, amalankhula Chichangana, Chipwitikizi, Chifalansa, Chingerezi ndi Chiswahili. Chilichonse chinabwera kudzakhala pambali pa chinzake.

Kuno kwathu: internato

Ife a kummwera kwa Niassa, nyumba yolankhulamo chilankhulo chimodzi tinaidziwa kudzera mu internato ya pa mishoni. Ansembe a Consolata ochokera ku Italy anafika ku Mandimba mu 1926, ndipo mu 1928 bambo Pietro Calandri anatsegula mishoni ya Massangulo, imene lero ili m'boma la Ngauma. Inali pakati pa Ayao achisilamu. Panamangidwa sukulu, malo olerera ana amasiye, nyumba zogona ana ndi malo ophunzitsira ntchito zamanja monga ukalipentala. Pambuyo pake anatsegulanso mishoni zina monga Mepanhira, Mitúcue kufupi ndi Cuamba, ndi Maúa.

Tinene chilungamo: ansembe ambiri anaphunzira Chiyao ndi Chimakuwa, ndipo ena anazilemba m'mabuku. Ntchito imene bambo Giuseppe Frizzi anadzagwira ku Maúa pa Chimakuwa cha Axirima ikutithandiza mpaka lero. Koma za m'kalasi sankalamula okha. Mu 1940 Portugal inasaina pangano ndi Vatican, ndipo lamulo lotsatira, Estatuto Missionário la mu 1941, linapereka maphunziro a anthu akuda m'manja mwa mishoni zachikatolika. Linalamula kuti maphunziro azichitika m'Chipwitikizi, ndipo zilankhulo zathu zinaloledwa pophunzitsa chipembedzo basi. Wofuna kulembedwa kuti ndi assimilado anayenera kusonyeza kuti amalankhula bwino Chipwitikizi ndiponso kuti wasiya miyambo ya kwawo. Zilankhulo zathu ankazitcha dialecto, ndipo agogo athu amene anaphunzira m'masukulu a nthawi imeneyo amaikumbukira palmatória, kathabwa ka mabowo komenyera m'manja.

Njira yake inali yomwe ija ya ku Madison: kugona, kudya ndi kusewera m'chilankhulo chimodzi. Koma wolowa pakhomo anali mwana wamng'ono, wosadziwa kuwerenga m'chilankhulo china chilichonse, wosasankha yekha, ndipo wouzidwa kuti chimene amalankhula ndi mayi ake si chilankhulo chenicheni. Ena ochepa anatulukamo ndi Chipwitikizi chabwino kwambiri, ndipo amenewo ndi amene timawakumbukira tikamayamikira sukulu zakale. Koma dziko lonse linatuluka bwanji mu ulamuliro umenewo? Pamene tinkalandira ufulu mu 1975, anthu pafupifupi 93 pa 100 aliwonse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. Kalembera wa mu 1980 anapeza kuti munthu mmodzi yekha pa anayi aliwonse ankatha kulankhula Chipwitikizi. Sukulu zinali zochepa, n'zoona, koma ngakhale amene analowamo, ambiri ankabwereza makalasi oyambirira mpaka kutopa n'kubwerera kumunda.

Boma latsopano linatenga masukulu onse pa 24 Julayi 1975, ndipo linasunga Chipwitikizi monga chilankhulo cha boma ndi cha umodzi wa dziko. Panapita zaka pafupifupi 20 kuti zilankhulo zathu ziyesedwe m'kalasi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 panachitika ntchito yoyesera yotchedwa PEBIMO, ya Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo mu 2003 maphunziro a zilankhulo ziwiri anayamba m'masukulu ena. Malamulo aakulu a dziko a mu 2004 amanena kuti boma limalemekeza zilankhulo zathu monga chuma cha chikhalidwe ndi cha maphunziro.

Chifalansa nachonso chinabwerera, ulendo uno popanda kanthu kovala m'khosi. Chikuphunzitsidwa m'masukulu athu a sekondale. Ku Maputo kuli Centro Cultural Franco-Moçambicano kuyambira 1995, ndipo mu 2006 dziko lathu linalandiridwa ngati loonerera m'bungwe la mayiko olankhula Chifalansa. Sichili kutali monga timaganizira: tsidya lina la nyanja yaikulu kuli Madagascar, Comores ndi Mayotte, ndipo ku Maratane, pafupi ndi Nampula, kukukhala othawa nkhondo ochokera ku Congo ndi Burundi.

Lar ya masiku ano ikufanana kwambiri ndi mudzi wa ku Paris uja kusiyana ndi internato yakale. Pamene ndinkaphunzira zauphunzitsi, m'chipinda chathu munali anthu a ku Mecanhelas, Maúa, Majune ndi Lago. Palibe amene anatiletsa chilankhulo chilichonse. Chipwitikizi tinkachilankhula tokha pa mzere wa nsima ya nyemba ndi pochapa zovala, chifukwa ndi chimene tonse tinkamvana nacho, ndipo changa chinakula kwambiri kumeneko kuposa m'zaka zonse za ku sekondale. Usiku aliyense ankaimbira foni kwawo m'chilankhulo chake, enafe tikumvera n'kumaseka. M'chipinda momwemo ndinatolamo Chimakuwa chokwanira kupereka moni ndi kunena koxukhuru, ndipo chimenecho ndi chimene chimandithandiza lero kholo lolankhula Chimakuwa likabwera kudzafunsa za mwana wake. Ophunzira a zaulimi a ku yunivesite ya Katolika ku Cuamba ndi a UniLúrio ku Unango akhoza kukuuzani zofanana ndi zimenezi.

Yankho kwa makolo

Ndiye kholo likafunsanso kuti bwanji osaletsa, tisalikanize kuti kukhala m'kati mwa chilankhulo kumaphunzitsa msanga. Likunena zoona. Mpeni wake ndi wakuthwa, umasenda chinangwa bwino, koma umachekanso chala malinga ndi amene waugwira. Mbiri imene tadutsamoyi ikutipatsa mafunso atatu oyenera kufunsa tisanaike lamulo lililonse la chilankhulo pasukulu kapena pakhomo.

Loyamba: kodi mwanayu akutha kale kuwerenga ndi kulemba m'chilankhulo chimene amaganizira? A ku Madison ndi a ku Sèvres analowa atadziwa kale kuwerenga. Mwana wa kalasi yoyamba amene timamuletsa Chiyao timamupatsa ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuphunzira zilembo ndi kuphunzira mawu amene zilembozo zikunena. M'mera mpoyamba.

Lachiwiri: kodi wavomera yekha, ndipo akudziwa kuti lamuloli litha nthawi yanji? Lonjezo la ku Middlebury limatha masabata ake akatha. Symbole ndi palmatória zinalibe tsiku lothera.

Lachitatu: akalakwitsa n'kulankhula cha kwawo, chimamuchitikira n'chiyani? Ngati ndi chilango kapena kusekedwa, mwana amaphunzira kukhala chete, ndipo mwana wokhala chete saphunzira chilankhulo chilichonse.

Zabwino za nyumba za Chifalansa tikhoza kuzitenga popanda ndalama. Ana a kalasi 5 ndi 6 akhoza kugwirizana ndi mphunzitsi wawo kuti pa nthawi yopumira ya tsiku limodzi pa sabata, pansi pa mtengo wakutiwakuti pazilankhulidwa Chipwitikizi chokha, wofuna abwere, wotopa achoke. Paziseweredwa bawo, pazigulitsidwa tomato wongoyerekeza, pazinenedwa nthabwala. A ku sekondale akhoza kuchita chimodzimodzi ndi Chifalansa kapena Chingerezi, ndipo ngati m'dera mwanu muli munthu wochilankhula, muitaneni adzakhale nawo monga amachitira pa tebulo la ku Madison. Ndipo inu makolo, mwana akabwera madzulo, mufunseni m'Chiyao, m'Chimakuwa kapena m'Chinyanja zimene waphunzira, akufotokozereni mpaka mumve. Akatha kukufotokozerani, ndiye kuti wazimvadi.